KODI VANETI YAKALE INGAYENDE NDI MAFUTA A NZIMBE?



Nkhani ya lero ikhudza makamaka amuna aja amene agwira nchito zaka zambiri pansi pa nthaka kapena m'tauni, nasunga ndalama pang'onopang'ono, ndipo pofika nthawi yopuma agula galimoto yaing'ono yonyamula katundu, imene ambiri aicha vaneti, kuti akayambe nayo moyo wina kumudzi. Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi vaneti yotere siisowa nchito. M'masika ituta cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Mvula ikayandikira inyamula feteleza. Usiku ithamanga ndi wodwala ku cipatala ca St Francis. Ndipo kumapeto kwa August idzaza ndi anthu opita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Koma mwini wace adziwa cimene okwera sacidziwa, cakuti ndalama zambiri zimene alandira masana zithera pa pampu ya petulo madzulo.

Cifukwa cace anthu ambiri achera khutu akamva kuti injini ya petulo ingathe kusinthidwa kuti iziyenda ndi mafuta ocokera ku nzimbe, ochedwa ethanol. Mauwa ali oona ndithu, ndipo nchitoyo yacitika kale m'maiko oyandikana ndi Zambia. Komatu munthu asanagwire sipanala ayenera kudziwa zinthu zitatu: cimene mafutawa acita m'kati mwa injini yakale, mtunda umene lita imodzi iyendetsa galimoto, ndiponso, koposa zonse, kumene adzawagula mawa ndi mkuja.

Mafutawa nciani?

Dzina lokha ndilo lacilendo, koma cinthuco Acewa acidziwa kuyambira kale. Ethanol ndiye ukali uja umene uli mu mowa wa masese ndi m'kacasu, umene uledzeretsa munthu. Apangika pamene shuga wa m'nzimbe, m'cimanga kapena m'cinangwa wasasa, ndipo apatulidwa ku madzi pakuphika, monga momwe acitira ophika kacasu, koma ndi makina akulu. Pa fakitale ya shuga, atacotsa shuga m'madzi a nzimbe, patsala madzi akuda a nsinjo ochedwa molasi. Tani imodzi ya molasi ipatsa malita a ethanol pafupifupi 250.

Pogulitsa, ethanol asanganizidwa ndi petulo, ndipo msanganizowo udziwika ndi lemba la E ndi nambala. E10 ndiye kuti pa malita 100 ali onse, 10 ndi ethanol ndipo 90 ndi petulo. E20 ali ndi malita 20. E85 ali ndi malita ofika 85 a ethanol ndi petulo wocepa cabe. Kusiyana kwa manambalawa nkofunika kwambiri. Magalimoto ambiri a petulo amwa E10 osasintha kanthu. E85 ndiye afuna nchito yeniyeni ya makanika.

Zimene anansi anacita

Zambia ilibe nyanja yamcere ndipo ilibe zitsime za mafuta. Akuluakulu akumbukira caka ca 1966, pamene njira ya ku Rhodesia inatsekeka, petulo nagawidwa ndi makoponi, ndipo migolo ya mafuta inali kubwera pa malole kucokera ku Dar es Salaam kufikira paipi ya TAZAMA inatha kumangidwa mu 1968. Malawi nayenso ali pakati pa mtunda, ndipo anamva kuwawa komweko pamene mtengo wa mafuta unakwera mu 1973 ndi mu 1979. Cotero mu 1982 fakitale ya Ethanol Company inayamba nchito ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, kuphika molasi wa pa munda wa nzimbe wa komweko. Mu 2004 fakitale yaciwiri, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa, pafupi ndi minda ya ku Nchalo. Kuyambira 1982 petulo wa ku Malawi wakhala akusanganizidwa ndi ethanol, nthawi zina magawo 10 pa 100, nthawi zina kufikira 20, malinga ndi kupezeka kwace. Motero vaneti iri yonse ya ku Vubwi kapena ku Chipata imene inaolokapo malire pa Mwami nimwa petulo ku Mchinji inalawa kale mafuta a nzimbe, cinkana mwini wace sanadziwe.

Anthu a ku Malawi anayesanso kupita patsogolo. Ca m'ma 2006 aphunzitsi a zamakanika pa Lilongwe Technical College anasintha galimoto ya Mitsubishi Pajero kuti iyende ndi ethanol yekha, ndipo inayenda maulendo atali pa miseu ya dzikolo. Pambuyo pace anaitanitsa Ford EcoSport kucokera ku Brazil, galimoto yopangidwa kuti izimwa petulo kapena ethanol monga mwini afunira. Zoyesazo zinaonetsa kuti luso liripo. Koma mapampu ogulitsa ethanol yekha sanafalikire m'dziko, ndipo cimodzi ca zifukwa zace ndi cakuti molasi sakwanira ngakhale kudyetsa mafakitale awiriwo caka conse.

Phunziro lalikulu licokera ku Brazil. Boma la kumeneko linayamba cikonzero ca mafuta a nzimbe mu 1975, ndipo mu 1979 galimoto ya Fiat 147 yoyenda ndi ethanol yekha inayamba kugulitsidwa. Patapita zaka zowerengeka, magalimoto atsopano ambiri m'dzikomo anali otero. Koma ca m'ma 1989 mtengo wa shuga unakwera kunja, eni mafakitale nakonda kugulitsa shuga, ethanol nasowa pa mapampu. Eni magalimoto aja anaima pa mizere italiitali ndi magalimoto osatha kumwa petulo, ndipo anthu anataya cikhulupiriro. Cinabwerera mu 2003, pamene kunatuluka magalimoto otha kumwa mafuta a mitundu yonse iwiri. Ngati zotere zinacitika m'dziko lolima nzimbe koposa maiko onse, munthu wa ku Sinda ayenera kuganiza kawiri.

Zimene ethanol acita m'galimoto yakale

Coyamba, ethanol adya zinthu zina zimene petulo sazikhudza. Mavaneti akale, monga Datsun 1500, Peugeot 404 kapena Toyota Hilux za petulo za zaka za m'ma 1970 ndi 1980, anapangidwa pa nthawi imene opanga sanali kuganizira za mafutawa. Mapaipi ace a mphira afewa, natupa, kenaka aumiratu ndi kung'ambika. Kacikopa ka mphira ka m'kati mwa pampu ya mafuta kabooka, ndipo pamenepo mafuta angatsikire m'oilo wa injini mwini osaona. Magasiketi a kabureta acuca. Paipi yocuca pamwamba pa injini yotentha ndiyo ciyambi ca moto.

Caciwiri, ethanol atsuka. Thanki imene yasunga petulo zaka makumi atatu iri ndi dzimbiri ndi litsiro lomatirira m'mbali mwace. Ethanol asungunula zonsezo nazitumiza ku fyuluta ndi ku kabureta. Ndico cifukwa cace galimoto yongosinthidwa kumene iyenda bwino masiku awiri, tsiku lacitatu niima pakati pa njira.

Cacitatu, ethanol akonda madzi. Petulo ndi madzi sizigwirizana, koma ethanol akoka cinyezi ca mu mpweya. Madziwo akaculuka, ethanol ndi madzi zipatukana ndi petulo nizikhala pansi pa thanki, pomwe pampu iyamwa. Kumeneko zibala dzimbiri, nizidya citsulo cofewa ca kabureta. Bvutoli likula m'dzinja, ndiponso pa galimoto imene iima masabata ambiri ndi thanki yosadzaza, monga zicitira mavaneti a kumidzi pamene miseu yaterera.

Cacinai, ndipo ici ndico cacikulu: injini ifuna ethanol wambiri kuposa petulo. Kuti petulo apse bwino afuna magawo a mpweya pafupifupi 15 pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Ethanol afuna magawo 9 okha, pakuti ali kale ndi okosijeni m'thupi mwace. Munthu akathira E85 m'galimoto yosasinthidwa, injini ilandira mpweya woculuka ndi mafuta operewera. Ikhosomola, isowa mphamvu pokwera citunda, ndipo ikakakamizidwa ndi katundu wolemera mavalavu angapse. Cizindikiro cace ciri pa mapulagi: pulagi ya injini yodya bwino ikhala yofiirira ngati khungu la nshawa, koma ya injini yanjala iyera mbuu.

Cacisanu, ethanol sauluka msanga ngati petulo pamene kwazizira. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 15, ethanol yekha abvuta kuyatsa, ndipo m'mamawa wa June ndi July ku Katete kuzizira kupitirira pamenepo. Magalimoto a ku Brazil anali ndi kathanki kena ka petulo koyatsira m'mawa, ndipo petulo wocepa uja wa mu E85 aikidwamo kaamba ka cifukwa comweco.

Pali zabwino zacenso, ndipo nkoyenera kuzichula. Ethanol apirira kupanikizidwa kuposa petulo: nambala yace ya octane ipitirira 100, pamene petulo wa pa pampu ali pakati pa 91 ndi 95. Cotero injini siigogoda pokoka katundu, m'kati mwace mukhala moyera, ndipo utsi wakupha ucepa. Ndalama zogulira mafutawo zitsala kwa alimi ndi anchito a m'dziko m'malo mopita kutsidya kwa nyanja.

Nchito ya makanika

Makanika wodziwa ayamba kumbuyo kwa galimoto, osati ku injini. Atsitsa thanki, naitsuka, naiyang'ana ndi nyali ya magetsi. Ngati dzimbiri lalowerera, thankiyo isinthidwa. Acotsa mapaipi onse a mphira wakale naika olembedwa kuti apirira ethanol. Aika fyuluta yatsopano, napatsa mwini galimoto zina ziwiri zosunga kuseri kwa mpando, pakuti yoyambayo idzatsekeka msanga. Asintha pampu ya mafuta kapena kacikopa kace. Atatha izi ndi pamene atsegula kabureta.

M'kabureta muli tizitsulo tamkuwa ta mabowo ang'ono, tochedwa majeti, timene tiyeza mafuta olowa mu injini. Kuti E85 akwane, mafuta odutsa pa bowo ayenera kuonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndi pamene ambiri aononga. Bowo likakula pang'ono m'mimba mwace, mafuta odutsamo aculuka kwambiri, kotero kuti jeti ya milimita 1.00 ifuna kukula kufika pafupifupi milimita 1.15 yokha. Kusiyana kumeneku maso sakuona. Munthu woboola ndi singano kapena waya apitirira muyeso, ndipo bowo likakula silibwereranso. Njira yabwino ndiyo kugula majeti a manambala osiyana, kuyesa imodzi imodzi ndi kuyang'ana mapulagi pambuyo pa ulendo uli wonse, kusunga majeti akale m'kabotolo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pambuyo pace makanika asintha magasiketi ndi kacitseko ka mafuta ka m'kabureta, naonetsetsa kuti coki igwira nchito, napititsa patsogolo pang'ono nthawi ya moto wa mapulagi mwa kutembenuza disitibyuta, pakuti mafutawa alola zimenezo. Oilo wa injini asinthidwa kawirikawiri kuposa kale, makamaka ngati maulendo ali afupiafupi. Pa magalimoto atsopanoko, opanda kabureta, amene mafuta apopedwa ndi mainjekita olamulidwa ndi kompyuta, nchito iri ina: pafunika mainjekita akulu, pampu yamphamvu, ndi munthu wodziwa kusintha malamulo a kompyutayo. Imeneyo si nchito ya patsinde pa mtengo wa mango.

Cinthu cimodzi ciyenera kumveka bwino. Kabureta ikasinthidwa kuti izimwa E85, siingamwenso petulo bwino. Idzatulutsa utsi wakuda, mapulagi adzada ndi mwaye, ndipo petulo adzatha ngati thanki yabooka. Galimoto ya kabureta iribe nzeru zosankha yokha monga magalimoto a ku Brazil a masiku ano. Posintha mafuta, majeti asinthidwanso.

Ndipo zonsezi zikhudza injini za petulo zokha. Mavaneti ambiri a kum'mawa masiku ano ali a dizilo. Ethanol m'thanki ya dizilo aononga pampu ndi mainjekita, zimene mtengo wace ungafanane ndi zokolola za caka cathunthu.

Masamu a pa njira

Lita imodzi ya ethanol iri ndi mphamvu yofanana ndi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Cifukwa cace mtengo wa lita suuza munthu zoona. Woona ndi mtengo wa ulendo. Kucokera ku Katete kupita ku Chipata pali makilomita pafupifupi 85, ndipo kupita ndi kubwera ndi 170. Vaneti imene iyenda makilomita 10 pa lita imwa malita 17 a petulo pa ulendowo. Ndi E85 idzamwa malita 22 kapena 23. Tsono kuti mwini asataye kanthu, lita ya E85 iyenera kugulidwa pa magawo atatu mwa anai a mtengo wa petulo. Ikachipa pang'ono pokha, munthu alipira zambiri kuposa kale, namaganiza kuti apindula. Pamwamba pa izo pali mtengo wa mapaipi, pampu, majeti ndi malipiro a makanika, zimene ziyenera kubwezedwa ndi maulendo ambiri. Thanki nayonso itha msanga, cinthu cosayenera kuiwalika pa njira ya ku Vubwi kapena ya ku Chanida, kumene mapampu atalikirana.

Funso lalikulu

Zambia iri ndi minda yaikulu ya nzimbe ku Nakambala, ku Mazabuka, ndipo mu 2011 boma linalengeza kuti petulo angasanganizidwe ndi ethanol kufikira magawo 10 pa 100. Koma E85 sagulitsidwa pa mapampu a ku Katete kapena ku Sinda. Munthu wosintha galimoto yace lero afanana ndi womanga khola asanadziwe kumene ng'ombe zidzacokera.

Ena ayankha kuti mafutawo ali kale m'mudzi, pakuti amai ophika kacasu alipo. Apa pafunika kucenjera. Kacasu, ngakhale wa mutu, ali ndi madzi ambiri, kawirikawiri theka kapena kupitirira. Injini siingayende naye, ndipo akasanganizidwa ndi petulo apatukana pomwepo nakhala pansi pa thanki. Kuphika kobwerezabwereza ndi makina abwino kufikitsa ethanol pa magawo 95 kapena 96 pa 100, osapitirira. Madzi otsalawo acotsedwa ndi njira zina za m'fakitale, ndipo ethanol wouma coteroyo ndiye asanganizika bwino ndi petulo. Mphika ndi paipi za kuseri kwa nyumba sizifika kumeneko.

Palinso nkhani ya nkhokwe. Ngakhale m'fakitale yabwino, thumba la cimanga la makilogalamu 50 lipatsa malita a ethanol pafupifupi 20 okha, osakwana ulendo umodzi wa ku Chipata ndi kubwerera. Thumba lomwelo lidyetsa banja masabata. Amene anaona cilala ca 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko liri pa tsoka la njala, safuna kuuzidwa kuti cimanga ca m'nkhokwe siciyenera kulowa m'thanki. Ubwino wa njira ya ku Dwangwa ndi wakuti iphika zotsala za shuga, osati cakudya ca ana.

Lamulo nalo liripo. Kugulitsa mafuta a galimoto m'Zambia kuli m'manja mwa bungwe la Energy Regulation Board, ndipo kuolotsa mafuta m'zigubu pa njira zacidule za m'malire ndi mlandu. Ndi ngozinso. Moto wa ethanol masana suoneka bwino. Munthu angalowe m'lawi asanazindikire. Madzi amwaza moto wa mafuta osanganizidwa ndi petulo. Cozimira ca ufa kapena mcenga ndizo zithandiza. Ndipo ethanol wa galimoto athiridwa petulo kapena mankhwala dala kuti asamweke. Womumwa, poganiza kuti ndi kacasu wa cizungu, aika maso ace ndi moyo wace pa ngozi.

Uphungu kwa mwini vaneti

Nanga munthu amene waika ndalama zace zopumira m'vaneti yakale acite ciani? Gawo loyamba la nchito ija, kutsuka thanki, kusintha mapaipi, pampu, magasiketi ndi fyuluta, liyenera kucitidwa ndi ali yense, pakuti liteteza galimoto ku moto ndi ku dzimbiri, ndipo liikonzera E10 ndi E20 amene idzakumana nao ku Malawi, ndi ku Zimbabwe kumene kusanganiza kunakhala lamulo mu 2013. Kwa misanganizo yocepa yotere majeti kawirikawiri safuna kuboola. Kutembenuza pang'ono sikuluwu ya mafuta ndi kuyang'ana mapulagi kukwanira. Galimoto ikati iime nthawi yaitali, thanki idzazidwe kuti cinyezi cisapeze malo.

Wogula petulo wa m'mabotolo m'mphepete mwa mseu angathe kudziyesera yekha. Athire madzi pang'ono m'botolo loonekera, alembe mzere pamene madziwo alekezera, adzaze ndi petuloyo, akhuchumule, nadikire. Ngati madzi a pansi akwera kupitirira mzere, m'petulomo muli ethanol, ndipo kukwera kwace kuonetsa kuculuka kwace.

Gawo laciwiri, la kukulitsa majeti kaamba ka E85, lidikire kufikira tsiku limene pampu yobvomerezeka ya pa Great East Road idzagulitsa mafutawo caka conse, pa mtengo wocepa ndi gawo limodzi mwa anai. Luso la amakanika a kum'mawa likwana kucita nchitoyo m'masiku awiri, ndipo silidzathawa. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kwa lero, fodya wa mwini vaneti ndi thanki yoyera, mapaipi olimba, ndi buku laling'ono lolembamo malita ndi makilomita a ulendo uli wonse, kuti tsiku limene mafuta a nzimbe adzafika ku Katete adzathe kuwerenga yekha ngati ampindulira.